Kusankha njira yochepetsera fumbi ndi utsi wa m'chumuni

Munthu woyendetsa boila, ng'anjo, makina ophwanya miyala kapena fakitale iliyonse yokhala ndi chumuni, tsiku lake limafika loti asankhe chochita ndi utsi ndi fumbi. Wina chimamudzutsa ndi kalata ya boma, wina ndi anthu oyandikana nawo omwe atopa kupukuta mwaye pa mawindo, wina ndi chifuwa cha antchito ake omwe. Akangoyamba kufunsafunsa, ogulitsa makina amafika ndi timabuku tonyezimira, aliyense akulumbira kuti chipangizo chake chimagwira 99 peresenti ya fumbi. Nambala imeneyo ndi chikomekome cha mkuyu. Siikuuzani kuti ndi fumbi lamtundu wanji, mpweya unali wotentha bwanji, kapena kuti pakatha zaka zitatu chipangizocho chidzakhala chikugwirabe lochuluka motani. Kwa ine chipangizo chabwino ndi chomwe mungathe kuchisunga chikugwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi anthu, magetsi ndi ndalama zomwe muli nazo. Njira zonse m'munsimu ndaziyeza ndi muyezo umenewo.

Zomwe zinayeretsa mpweya kwina

Kuyambira pa 5 mpaka pa 9 Disembala 1952, chifunga chosakanikirana ndi utsi wa malasha chinaphimba mzinda wa London. Poyamba anawerengera kuti anthu pafupifupi 4,000 afa nacho, ndipo kafukufuku wa zaka za pambuyo pake anakweza chiwerengerocho kufika cha m'ma 12,000. Mu 1956 kunabwera lamulo la Clean Air Act, lopatsa makhonsolo mphamvu yoletsa utsi wa m'nyumba m'madera osankhidwa. Koma lamulo palokha silikanakwanitsa. Sitima za malasha zinasiya kuyenda pa njanji zikuluzikulu mu 1968. Pakati pa 1967 ndi 1977 nyumba za anthu zinalumikizidwa ku gasi wochokera pansi pa nyanja ya North Sea. Malasha anapitirira kuchepa mpaka siteshoni yomaliza yopangira nawo magetsi, ya Ratcliffe-on-Soar, inatsekedwa pa 30 Sepitembala 2024. Fumbi lotulutsidwa m'dziko la Britain latsika ndi kupitirira magawo atatu mwa anayi kuchokera mu 1970.

Ku America utsi wa m'mafakitale unapha anthu 20 m'tauni ya Donora mu Okutobala 1948. Lamulo lamphamvu linadza mu 1970, ndipo linakakamiza mafakitale ndi masiteshoni a magetsi kuika zogwirira fumbi pa machumuni. Kafukufuku wa yunivesite ya Harvard wa m'mizinda isanu ndi umodzi, wotuluka mu 1993, anasonyeza kuti fumbi losalala kwambiri ndi lomwe likufupikitsa miyoyo ya anthu, ndipo mu 1997 boma linaika malire a fumbi limeneli. Pakati pa 2000 ndi 2020 linatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Mzinda wa Beijing unachita zomwezo mothamanga. Mu 2013 mpweya wake unali ndi mamaikirogalamu pafupifupi 89 a fumbi losalala pa kiyubiki mita iliyonse (mu galamu imodzi muli mamaikirogalamu miliyoni imodzi), ndipo pofika 2022 anali cha m'ma 30. Anatseka maboila ang'onoang'ono a malasha, anasamutsira nyumba zambiri ku gasi ndi magetsi, anakhwimitsa malamulo a galimoto.

M'nkhani zonsezi muli zinthu zitatu. Chachikulu ndi kusintha zosonkhera moto. Chachiwiri ndi zipangizo za pa chumuni, pamodzi ndi anthu obwera kudzayeza ngati zikugwiradi ntchito. Chachitatu sichonyaditsa: mafakitale ena anangotsekedwa, ntchito yake n'kusamukira kumayiko ena pamodzi ndi utsi wake. Inu amene mukufuna kupitiriza ntchito pomwe muli, ziwiri zoyambazo ndizo zili m'manja mwanu.

Mafunso oyankha musanaitane wogulitsa

Loyamba ndi kukula kwa tinjere ta fumbi lanu. Mu milimita imodzi muli mamaikiromita 1,000, ndipo tsitsi limodzi la munthu limanenepa mamaikiromita 50 mpaka 70. Fumbi la tinjere tosapitirira mamaikiromita 10 limatchedwa PM10. La tinjere tosapitirira 2.5 limatchedwa PM2.5, ndipo ili ndi lomwe limalowa mkatikati mwa mapapo n'kumabweretsa matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Mu 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatsitsa mlingo wake wa pachaka wa PM2.5 kuchoka pa mamaikirogalamu 10 kufika pa 5. Kuphwanya, kupala ndi kugaya kumatulutsa fumbi lokhakhala. Kuyaka kwa moto ndi kusungunula zitsulo kumatulutsa losalala. Mukaphonya apa, zonse zotsatira zaphonyeka.

Lachiwiri ndi khalidwe la mpweya ndi fumbilo: kutentha kwake, chinyezi, ngati limamata, ngati limadya chitsulo, ngati lingayake. Lachitatu ndi kuchuluka kwa mpweya wodutsa pa ola limodzi, popeza chipangizo china chimapindulitsa pa siteshoni yaikulu pokha. Lachinayi ndi zomwe muli nazo pamalopo, magetsi osazimazima, madzi okwanira, makaniko wodziwa ntchito. Lachisanu amaliiwala ambiri: fumbi lomwe mwagwiralo lipita kuti? Likangounjikidwa panja osaphimba, mphepo ilibwezera kumwamba komwe munalilanda.

Pa nkhani ya peresenti, werengani nokha. Tinene kuti mpweya ukulowa ndi magalamu 20 a fumbi pa kiyubiki mita. Chipangizo chogwira 99 peresenti chisiya mamiligalamu 200. Chogwira 99.9 peresenti chisiya 20. Pa pepala nambala ziwirizi zimaoneka ngati mapasa, koma chimodzi chikutulutsa fumbi lochuluka kakhumi. Choncho wogulitsa alembe mu mgwirizano kuchuluka kwa mamiligalamu otsala potulukira, ndipo avomere kuti adzayezedwe ndi munthu wapadera makina atayamba ntchito.

Saikoloni

Ichi ndi chitini chachitsulo, chotakata kumwamba, chosongoka kumunsi. Mpweya umalowa cham'mbali n'kuzungulira ngati kamvuluvulu. Tinjere tolemera timaponyedwa ku khoma n'kutsetsereka pansi, mpweya n'kutulukira pakati kumwamba.

Mtengo: palibe njira yotsika mtengo kuposa iyi, pogula ngakhale poyendetsa. Kupezeka: wowotcherera waluso aliyense angaipange ngati wapatsidwa miyezo yolondola. Miyezoyo isamangoganiziridwa, chifukwa kukula kwa polowera ndi kutalika kwa chitini ndi zomwe zimapanga liwiro la kamvuluvuluyo. Kusamalira: ilibe chozungulira m'kati, ndipo imapirira mpweya wotentha kwambiri. Fumbi lakuthwa ngati la mchenga limadya khoma pang'onopang'ono mpaka kuboola. Chotsekera cha kunsi chikayamba kulowetsa mpweya, fumbi lomwe linagwa limanyamukanso, ndipo saikoloni imangokhala chokongoletsa.

Zoopsa: ngozi yake yaikulu ndi kukunamizani. Imagwira bwino tinjere topitirira mamaikiromita 10 kapena 20, ndipo mukatsegula kunsi mupeza fumbi lodzaza migolo, mtima n'kukhala pansi. Koma tinjere tochepera mamaikiromita 5 tambiri timadutsa. Masaikoloni ang'onoang'ono ambiri oikidwa pamodzi amachitako bwino, komabe safika pogwira utsi wa moto mokwanira. Malo ake enieni ndi kutsogolo kwa chipangizo china, kuchichotsera katundu wolemera ndi zothetheka za moto.

Baghouse, nyumba ya matumba

Apa mpweya umasefedwa podutsa m'matumba aatali a nsalu, makumi kapena mazana, opachikidwa m'chinyumba chachitsulo. Chodabwitsa n'chakuti ntchito yaikulu yosefa imagwiridwa ndi fumbi lomwe lamatirira kale pa nsalu. Likachuluka limagwedezedwa kuti ligwe. Mtundu wofala masiku ano umawomba mpweya wa kompresa m'matumbamo, ndipo mukaima pafupi mumamva phu! phu! motsatizana mzere ndi mzere. Ikasamalidwa bwino imagwira kupitirira 99 peresenti, ndi fumbi losalala lomwe, ndipo kusiya mamiligalamu osakwana 10 pa kiyubiki mita si chinthu chachilendo kwa iyo.

Mtengo: pogula uli pakatikati. Ndalama zambiri zimapita pang'onopang'ono, ku magetsi a fani yokoka mpweya kudutsa m'nsalu, ku kompresa, ndi ku matumba atsopano omwe kawirikawiri amafunika pakatha zaka ziwiri mpaka zisanu. Nsalu imasankhidwa potengera kutentha. Poliyesita ndi wotsika mtengo koma sapirira kupitirira madigiri cha m'ma 130. Aramid amafika cha m'ma 200. Nsalu ya ulusi wa galasi ndi ya PTFE imafika cha m'ma 260, mtengo wake n'kukwera nawo. Amene wagula nsalu yotchipa pa mpweya wotentha amagula kawiri.

Kupezeka: opanga ndi ambiri padziko lonse, ndipo ilipo ya saizi iliyonse, kuyambira ya makina amodzi opalira matabwa mpaka ya fakitale ya simenti. Musanasaine funsani ngati matumba ake ndi a miyezo wamba yomwe opanga ena amasokanso. Matumba a miyezo yachilendo amakumangirirani kwa wogulitsa mmodzi moyo wonse wa makinawo.

Kusamalira: apa ndi pomwe baghouse imapambanira kapena kugwera. Pa khoma lake pamakhala kageji koonetsa kusiyana kwa mphamvu ya mpweya kutsogolo ndi kumbuyo kwa matumba. Singano ikakwera, matumba atseka. Ikagwa mwadzidzidzi, thumba lina lang'ambika. Munthu wolemba nambala imeneyo m'buku tsiku lililonse amaona vuto lisanakule. Thumba long'ambika limapezeka pothira ufa wonyezimira polowera mpweya, kenako n'kuwalitsa nyale ya UV, yomwe imachititsa ufawo kuwala, kumbali yotulukira mpweya woyera. Pomwe pakuwala ndi pomwe pali bowo.

Mdani wake wamkulu ndi chinyezi. Ndinaona ndi maso anga pa fakitale ina yoyanika katundu wonyowa, pomwe anayatsa makina m'mawa wozizira osayamba atenthetsa baghouse. Nthunzi inasanduka madzi pa nsalu, fumbi n'kusanduka phala. Titatsegula chitseko patapita masiku, matumba anali gwa ngati apakidwa pulasitala, ukawagogoda ndi chala amalira ngati thabwa. Kompresa inkawomba koma palibe chinkagwa. Matumba onse anatayidwa asanathe ndi chaka chomwe. Zinandiwawa chifukwa kupewa kwake kunali kosavuta: kuyendetsa mpweya wotentha wouma kwa kanthawi musanalowetse katundu, kuchitanso chimodzimodzi pozimitsa, ndi kukutira makoma kuti asazizire.

Zoopsa: moto ndi kuphulika. Kachothetheka kamodzi kochokera m'boila ya nkhuni kangathe kupsereza matumba onse. Fumbi la matabwa, la malasha, la ufa, la shuga ndi la aluminiyamu likayandama m'malo otsekeka limaphulika. Mu Febuluwale 2008 fumbi la shuga linaphulika pa fakitale ya ku Port Wentworth m'chigawo cha Georgia ku America, anthu 14 n'kufa. Baghouse ya fumbi loyaka iikidwe kunja kwa nyumba yogwiriramo ntchito, ikhale ndi zitseko zofooka mwadala zotulutsira mphamvu ya kuphulika kumbali yopanda anthu, ndipo zitsulo zake zilumikizidwe ku nthaka. Wogulitsa akanena kuti zimenezi ndi zowonjezera zomwe mungazisiye kuti mtengo utsike, musamvere.

ESP, yogwira fumbi ndi magetsi

Dzina lake lonse ndi electrostatic precipitator. Frederick Cottrell wa ku yunivesite ya California ku Berkeley ndi amene anaifikitsa poti igwire ntchito m'mafakitale mu 1907. Mpweya umadutsa pakati pa mapuleti achitsulo, ndipo pakati pawo pamakhala mawaya a magetsi a mavoti masauzande makumi angapo. Tinjere ta fumbi timatenga mphamvu ya magetsi n'kukokedwa kukamatirira pa mapuleti. Timahamala timagogoda mapuletiwo nthawi ndi nthawi kuti fumbi ligwe. Gawo lalikulu la kutsika kwa phulusa lochokera m'masiteshoni a magetsi a malasha m'zaka za m'ma 1900 linabwera ndi chipangizo chimenechi.

Mtengo: pogula ndi yodula kwambiri, ndipo imadya malo. Ubwino wake umaoneka pa mpweya wochuluka zedi, chifukwa palibe nsalu yotchinga njira, choncho fani siivutika ndipo magetsi oyendetsera amachepa. Ikasamalidwa imakhala zaka makumi angapo. Pa boila yaing'ono ndalama zake sizibwerera.

Kupezeka: opanga ndi ochepa, ndipo iliyonse imapangidwa molingana ndi malo ake. Masipeya monga thiransifoma yake ndi zotchingira magetsi sapezeka pa shelefu. Kusamalira: tsiku ndi tsiku siivuta, koma ikadwala imafuna katswiri wa magetsi amphamvu. Waya mmodzi akaduka n'kukhudza puleti, gawo lonse limazima. Mapuleti akapindika pang'ono pokha, magetsi amayamba kulumpha ndipo mphamvu imatsitsidwa.

Zoopsa: ESP ndi yosankha fumbi. Fumbi losalola magetsi kudutsa limaunjikana pa puleti n'kuyamba kukankha linzake. Izi zinavutitsa masiteshoni ambiri omwe anasinthira ku malasha a salufa wochepa pofuna kuchepetsa mvula ya asidi, chifukwa phulusa la malasha otere ndi lomwe limakana magetsi. Ena anakulitsa ma ESP awo, ena anayamba kuthira mankhwala m'mpweya, ena anaika matumba m'malo mwake. Ngati mumasinthasintha kogula malasha kapena zosonkhera zina, dziwani kuti kagwiridwe kake kazisinthanso. Imafookeranso pa tinjere ta pakati pa mamaikiromita 0.1 ndi 1. Ndipo popeza m'kati mwake magetsi amathetheka, mpweya woyaka monga carbon monoxide ukachuluka ESP imayenera kuzimitsidwa msanga kuti isaphulike. Pa ng'anjo za simenti izi zimachitika, ndipo pa mphindi zimenezo fumbi lonse limangotuluka. Magetsi akazima zimakhalanso chimodzimodzi.

Scrubber, yotsuka mpweya ndi madzi

Pano fumbi limagwidwa ndi timadontho ta madzi. Mtundu wosavuta umangowaza madzi m'nsanja momwe mpweya ukukwera, ndipo umagwira fumbi lokhakhala lokha. Mtundu wa venturi umakankhira mpweya m'khosi lopapatiza pa liwiro lalikulu, madzi n'kuphwanyikira m'tizidutswa tosaoneka tomwe timagwira ndi fumbi losalala lomwe.

Mtengo: pogula si wokwera, ndipo siidya malo. Koma kuti venturi igwire fumbi losalala, fani imayenera kukoka mwamphamvu kwambiri, ndipo bilu ya magetsi imaposa ya njira zina zonse. Onjezani madzi, mapampu ndi zitsulo zosachita dzimbiri. Kupezeka: ilipo yambiri, yosavuta imapangidwa ndi mainjiniya wamba. Chofunika kupezeka kwenikweni ndi madzi, chaka chonse.

Kusamalira: timabowo towazira madzi timatsekeka, mapampu amadyeka ndi matope, ndipo mpweya wokhala ndi salufa umasandutsa madzi kukhala asidi wodya chitsulo. Walira mvula walira matope. Fumbi lomwe likanakhala louma, losavuta kunyamula kapena kugulitsa, tsopano ndi matope ofunika dziwe lodikhirira ndi malo otayira otetezeka. Ngati m'fumbimo muli mtovu kapena zitsulo zina zapoizoni, madziwo akafika mumtsinje ndiye kuti mwachotsa vuto m'mapapo mwa anthu n'kuliika m'madzi omwe amamwa. Ichi ndiye choopsa chake chachikulu, ndipo ndi chomwe chimanyalanyazidwa kwambiri.

Komabe pali ntchito zomwe ina iliyonse imalephera. Fumbi lomata, mpweya wonyowa wodzaza nthunzi, fumbi loyaka losakanikirana ndi zothetheka, zonsezi scrubber imazilandira. Mukathira laimu kapena soda m'madzi, imachotsanso mpweya wa salufa. Pa fumbi la aluminiyamu samalani: likakhala m'madzi limatulutsa haidrojeni, choncho thanki yake izipuma nthawi zonse, ngakhale makina atazima.

Kusintha zosonkhera ndi kayatsidwe

Njira zinayi zapitazi zimagwira fumbi litabadwa kale. Iyi imalichepetsa kuchokera pa moto. Gasi akayaka bwino satulutsa phulusa, ndipo mwaye wake ndi wochepa kwambiri. Ng'anjo ya magetsi siitulutsa utsi wa moto pamalopo. Mbiri ya London ndi Beijing ikusonyeza kuti apa ndi pomwe panachokera kusintha kwakukulu.

Pali chifukwa chinanso chomwe wogulitsa masefa sangakuuzeni. Gawo lalikulu la PM2.5 silituluka m'chumuni ngati fumbi. Limatuluka ngati mpweya wa salufa ndi wa naitrojeni, n'kukasanduka tinjere kumwamba likakumana ndi amoniya ndi zina. Thumba kapena ESP sizingagwire chinthu chomwe sichinasanduke fumbi. N'chifukwa chake kusintha kwa lamulo la ku America mu 1990, kolimbana ndi salufa wa m'masiteshoni a magetsi, kunatsitsanso fumbi losalala. N'chifukwa chakenso mu 2020 malire a salufa m'mafuta a sitima zapamadzi anatsitsidwa kuchoka pa 3.5 kufika pa 0.5 peresenti.

Mtengo: kusintha choyatsira, kukoka mapaipi kapena kugula ng'anjo yatsopano kumadya ndalama kamodzi. Chovuta ndi mtengo wa mwezi ndi mwezi, womwe suli m'manja mwanu. Mu 2022 mtengo wa gasi ku Ulaya unakwera koopsa nkhondo ya ku Ukraine itayamba, mafakitale ena n'kuchepetsa ntchito kapena kubwerera ku mafuta ndi malasha. Kupezeka: apa ndi pomwe njirayi imagwera kawirikawiri. M'nyengo yozizira ya 2017 kumpoto kwa China, mbaula za malasha zinachotsedwa mofulumira kuposa momwe gasi ankafikira, ndipo mabanja ena anagona m'nyumba zozizira mpaka boma linalola malasha kubwerera kwa kanthawi. Musachotse chakale chatsopano chisanatsimikizike. Kusamalira: ndi kopepuka kuposa njira zonse, mulibe phulusa loti muzichotsa. Zoopsa: gasi akadontha amaphulika, amatulutsabe mpweya wa naitrojeni, ndipo magetsi opangidwa ndi malasha amangosamutsira utsi ku siteshoni, ngakhale kuti kumeneko kumakhala zogwirira zazikulu.

Nkhuni ndi zotsalira za mbewu zisakunamizeni kuti ndi zoyera chifukwa ndi zachilengedwe. Ku Britain kutsika kwa fumbi kunachedwa m'zaka zaposachedwa mwa zina chifukwa anthu anabwerera ku mbaula za nkhuni, mpaka mu Meyi 2021 England analetsa kugulitsa nkhuni zonyowa m'timilu ting'onoting'ono. Nkhuni zikhale ndi chinyezi chosapitirira 20 peresenti. Utsi wakuda bii ndi ndalama zomwe zathawa zisanapse. Kuumitsa zosonkhera, kuziponya pang'onopang'ono m'malo mokhuthula mulu nthawi imodzi, ndi kulinganiza mpweya wolowa m'moto, zimachepetsa mwaye musanagule chilichonse, ndipo chipangizo chomwe mudzagule pambuyo pake chidzakhala chaching'ono.

Wina akuuzani kuti ingotalikitsani chumuni. Anayesa kale. Ku Sudbury ku Canada anamanga chotalika mamita 381 mu 1972, ndipo machumuni aatali a ku Britain ndi ku Ulaya wapakati anatumiza salufa kukagwa ngati mvula ya asidi ku Norway ndi Sweden, mpaka mayiko anasaina pangano la ku Geneva mu 1979. Oyandikana nanu amapumako, koma fumbi lotuluka silichepa ndi galamu imodzi yomwe.

Ndani atenge chiti

Ngati fumbi lanu ndi lokhakhala ndi louma, monga la makina ochekera matabwa, ndipo simuli pakati pa nyumba za anthu, saikoloni yopangidwa ndi miyezo yolondola ingakwanire pa zipalapala ndi utuchi. Mukakhala ndi makina osalaza matabwa ndi sandipepa, onjezani matumba kumbuyo kwake, ndipo muziteteze ku moto.

Pa fumbi louma losalala, la simenti, laimu, miyala, ng'anjo zosungunulira zitsulo ndi maboila apakatikati, ine ndingasankhe baghouse, ndi saikoloni kutsogolo ngati pali zothetheka kapena fumbi lolemera. Ndingaisankhe pokhapokha pali munthu wodziwika dzina yemwe ntchito yake ndi kuyang'ana geji tsiku lililonse, ndiponso matumba osinthira ali m'sitolo. Pa fumbi la miyala muli silika wowononga mapapo kosachiritsika, choncho apa musanyengerere.

ESP isiyireni siteshoni ya magetsi, fakitale yaikulu ya mapepala kapena ng'anjo yaikulu, komwe mpweya ndi wochuluka, zosonkhera sizisinthasintha, magetsi sazima, ndipo akatswiri ali pamalopo. Chimodzi mwa zinayizi chikasowa, yerekezani mtengo wake ndi wa baghouse yaikulu musanasaine.

Scrubber ndi ya mpweya wonyowa, fumbi lomata kapena loyaka, ndi pomwe mukufuna kuchotsanso salufa. Ngati madzi ndi osowa kapena mulibe potayira matope motetezeka, ichotseni pa mndandanda.

Amene boila yake yakalamba ndipo ikufunika kusinthidwa kale, ayambe wawerengera gasi kapena magetsi asanawononge ndalama kumangira sefa pa chinthu choti chitayidwa posachedwa. Woyendetsa jenereta yaikulu ya dizilo angaike sefa yogwira mwaye ya DPF, ngati zomwe zinachepetsa utsi wa galimoto ku Ulaya kuyambira 2009, koma imafuna dizilo wa salufa wochepa kwambiri, ngati wa magawo 10 pa miliyoni wogulitsidwa kumeneko. Imafunanso utsi wotentha woti uzipsereza mwaye womwe yagwira, ndipo jenereta yomwe imangoyenda ndi katundu wochepa imaitseka msanga.

Pali gulu lina lomwe vuto lake silili pa chumuni konse. Pa migodi, malo ophwanyira miyala ndi mabwalo osungira malasha, fumbi lambiri limanyamuka pa misewu ya m'kati, pa milu ya katundu ndi pomwe lamba wina amakhuthulira pa mnzake. Yendani pamalopo tsiku louma lamphepo, dzuwa lili chakumbuyo kwa fumbi kuti lizioneka bwino, mulembe paliponse pomwe likufuka. Mukapeza kuti malo ambiri ali pansi, ndalama zoyamba zipite ku kuphimba malamba, kutsitsa pogwera katundu, kuthira madzi kapena kuika phula pa misewu, ndi kuchepetsa liwiro la malole.